Ndodo ya Giya Ikamanjenjemera

M'mwezi wa June, tikututa chimanga ku munda wa kudambo, mmodzi wa ophunzira athu anakhala kutsogolo pamodzi ndi adalaivala. Titafika pa nkhokwe anatsika ali wodandaula, nati: "Aphunzitsi, motoka iyi ikudwala. Ndodo ya giya inali kunjenjemera njira yonse." Adalaivala anangoseka, nanena kuti ndodoyo yakhala ikutero kuyambira tsiku limene motokayo inabwera pano.

Patapita masabata atatu, adalaivala omwewo anakana kunyamula katundu. Chifukwa chake chinali ndodo yomweyo. Iwo anati inayamba kugwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo akaponda mafuta, chinthu chimene sinkachita kale. Amakanika atayang'ana anapeza kuti mphira imodzi yochirikiza injini yang'ambika pakati.

Tsiku loyamba adalaivala sanalakwe kuseka, ndipo tsiku lachiwiri sanalakwe kukana. Taona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kuilemba chifukwa ambiri a inu amene munaphunzira pano tsopano muli ndi mamotoka ogulidwa pa kaunjika, ena mumachita hayala Canter kapena Dyna popita ndi mbewu ku msika. Ena amataya ndalama pokonzetsa chinthu chimene sichinafe, ena amanyalanyaza chizindikiro mpaka kugona pa msewu ndi matumba awo.

Chifukwa chake ndodo imanjenjemera

Injini ya dizilo imayenda ndi kuphulika kwa mafuta m'masilinda. Mu injini ya masilinda 4, mafuta amaphulika kawiri pa kuzungulira kumodzi. Motoka ikaima injini ikulira pang'onopang'ono, tinene kuti ikuzungulira ka 700 pa mineti, ndiye kuti mukuchitika kuphulika 1,400 pa mineti, kumene ndi koposa ka 20 pa sekondi imodzi. Dizilo amapsa chifukwa cha mpweya wopanikizidwa kwambiri, choncho kugunda kwake kumaposa kwa injini ya petulo.

Injini ndi giyabokosi zimamangidwa pamodzi ndi mabawuti, ndipo zonse ziwiri zimakhala pa mphira zokhuthala zimene amakanika amazitcha mamaunting'i. Mphirazo zimameza kugunda kuti kusafike pa mpando wa dalaivala. Koma m'mamotoka ambiri onyamula katundu wochepa, monga Hilux ndi Land Cruiser, ndodo ya giya imalowa mwachindunji pamwamba pa giyabokosi. Dzanja likagwira ndodoyo limakhala ngati lagwira injini yeniyeniyo. M'malole amene dalaivala amakhala pamwamba pa injini, ndodo imalumikizidwa ndi giyabokosi kudzera m'zingwe kapena timitengo tachitsulo, motero kunjenjemera kumamveka pang'ono.

Choncho kanjenjemeredwe kakang'ono, kosasinthasintha, kamene kakhalapo masiku onse, si matenda. Chofunika kuchiyang'anira ndi kusintha: kunjenjemera kumene kwakula, kwayamba mwadzidzidzi, kapena kwabwera ndi phokoso lachilendo.

Kufufuza kumene kwachokera

Musanathamangire ku galaji, yesani zinthu zinayi izi, zimene sizifuna sipanala.

Choyamba, imikani motoka pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, chotsani giya, injini izilira. Ngati injini ikudumphadumpha ngati munthu wotsimphina ndipo ikutulutsa utsi wambiri, kawirikawiri silinda imodzi sikupsa bwino. Yambani ndi fyuluta ya mafuta, pakuti dizilo wosungidwa m'migolo ndi m'zigubu amalowa madzi ndi zinyalala. Ngati fyuluta ili bwino, amakanika aone ma injector.

Chachiwiri, muli pomwepo, pondani kilachi mpaka pansi. Mukatero zitsulo za mkati mwa giyabokosi zimaleka kuzungulira. Ngati kugogoda kwamphamvu kwatha, gwero lake lili mu giyabokosi, ndipo choyamba kuona ndi oilo wake. Ngati phokoso likuyamba pamene mwaponda, ndiye kuti bering'i ya kilachi yatha. Motoka imene imatekeseka ponyamuka imasonyeza kilachi yodyeka kapena yonyowa ndi oilo, kapenanso mphira zotha.

Chachitatu, poyenda pang'onopang'ono mu giya yachiwiri, pondani mafuta kenaka muwasiye, maso akuonako ndodo. Ikamalumphira kutsogolo ndi kumbuyo, kapena mukamva kugunda pansi pa mapazi, injini ikusuntha kuposa muyeso. Ndicho chimene adalaivala athu anaona. Mphirazi zimatha msanga zikamadontheredwa oilo kapena dizilo, ndiponso m'misewu ya fumbi yokhala ndi mabampu.

Chachinayi, pa msewu wowongoka, wathyathyathya ndi wopanda anthu, pondani kilachi kwa kanthawi kochepa motoka ikuyenda. Injini idzatsika mawu. Ngati kunjenjemera kwatsika nayo, gwero ndi injini. Ngati kukupitirira, yang'anani matayala, matope ouma m'marimu, ndiponso propshaft, chitsulo chachitali chija chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita ku mawilo akumbuyo. Mfundo zake zimafuna girisi, ndipo zikatha chitsulocho chimagwedera mukachipotoza ndi manja. Musalowe kunsi kwa motoka injini ikulira, mawilo osatchingidwa ndi miyala, kapena motoka itangokhala pa jeki yokha.

Chimene timataya tikachedwa

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa motoka chimaimba ndithu, ndipo ng'oma yake ndi ndodo ya giya. Mphira ndi chinthu chotsika mtengo poyerekeza ndi zimene imateteza. Ikaduka, injini imapendekeka, fani ikhoza kukhudza radiyeta, mapaipi amakokeka, ndipo giya imayamba kutuluka yokha. Mfundo ya propshaft ikathyoka motoka ili pa liwiro, chitsulocho chimamenya kunsi kwa motoka, nthawi zina n'kudula paipi ya mabuleki kapena kuzika pansi.

Amene munayendapo pa Great East Road mukudziwa mapiri a Manenekela, pafupi ndi mlatho wa Luangwa. Pa mtsetse wotere lole yodzaza matumba a makilogalamu 50 imadalira giya yaing'ono kuti injini iigwire. Giya ikatuluka yokha pamenepo, katundu yense amatsalira pa mabuleki, ndipo mabuleki akatentha amaleka kugwira. Apo sitikambanso za chimanga, tikamba za miyoyo ya anthu amene akhala pamwamba pa matumba.

Zizolowezi ziwiri zoti tisiye

Pali kunjenjemera kwina kumene timakuyambitsa tokha. Ambiri timakwera chitunda ndi katundu wolemera tili mu giya yaikulu, poganiza kuti tikusunga mafuta. Injini imabuula, motoka yonse imatekeseka, ndipo kilachi, mabering'i ndi mphira zimavutika. Mankhwala ake ndi kutsitsa giya msanga, ndi kusapyola muyeso wa katundu umene unalembedwa pa motokayo.

Chizolowezi chachiwiri ndi kutsamiritsa dzanja pa ndodo ulendo wonse. Kulemera kwa dzanja kumakankhira foloko ya mkati pa chitsulo chimene chikuzungulira, ndipo pang'onopang'ono folokoyo imadyeka. Sinthani giya, dzanja libwerere pa chiwongolero.

Kuyambira sabata imene mphira ija inasinthidwa, pano pa sukulu tawonjezera kanthu kamodzi pa ntchito za m'mawa. Tikatha kuona oilo, madzi ndi matayala, wophunzira amene ali pa ulendo wa tsikulo amaliza injini, nagwira ndodo ya giya ndi zala ziwiri kwa masekondi owerengeka, kenaka amalemba m'buku la motoka ngati yamveka monga dzulo kapena ayi. Wophunzira uja amene anadandaula pa nkhokwe ndiye amasunga bukulo. Inunso amene muli ndi motoka kwanu, yambani mawa, pamene ikali bwino, kuti dzanja lanu lidziwe kanjenjemeredwe kake ka masiku onse.