Matenda oumitsa khosi obwera ndi yisiti: mankhwala oposa ndi ati?

Yisiti si wofufumitsira mandasi yekha. Pali mitundu ina yomwe ikalowa m'magazi kapena mu ubongo imapha. Kuno kwathu wosautsa kwambiri ndi Cryptococcus, yemwe timamupuma ndi fumbi, ndipo amapezeka m'dothi ndi m'zitosi za nkhunda. Munthu wa chitetezo chokwanira nthawi zambiri sadwala naye. Koma yemwe ali ndi HIV ndipo CD4 yake yatsika kwambiri, kaya sanayambe ma ARV kapena anawasiya, kachilomboka kamakafika mu ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Mu 2020 matendawa anapha anthu pafupifupi 112,000 pa dziko lonse.

Mutu womwe sumva panado

Amayamba mwakachetechete. Mutu umapweteka sabata imodzi, ziwiri, wodwala amasanza, amadana ndi kuwala, kenako amayamba kuyankhula zosadziwika. Kuchigwa cha Shire kuno mutu uliwonse timathamangira kuutcha malungo, ndipo wodwala akasokonezeka ena amayamba kuloza zala achibale. Masiku ofunika amathera pamenepo. Chonsecho pali kachipangizo ka CrAg, kooneka ngati koyezera malungo, komwe kamapeza matendawa m'magazi m'mphindi zochepa.

Fluconazole payekha sakwanira

Kwa zaka zambiri zipatala zathu zinkadalira fluconazole. Ndi wakumwa, wotchipa, savuta kusunga. Vuto lake ndi loti amagwira ntchito mochedwa: amachepetsa kuswana kwa kachilombo, koma kuyeretsa ubongo kumamutengera nthawi yomwe wodwala alibe. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza atatsatira odwala omwe analandira mankhwalawa okha, oposa theka anali atamwalira pofika masabata 10.

Diripi yachikasu

Amphotericin B ndiye wamphamvu. Ndi mankhwala akale, a m'ma 1950, achikasu, operekedwa pa diripi. Amapha kachilombo, koma thupi nalo limamva kuwawa: wodwala amanjenjemera diripi ili mkati, mitsempha ya pamkono imatupa, magazi amachepa, impso zimavutika. Pamafunika labotale yoyeza magazi pafupipafupi.

Kafukufuku wa ACTA, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon. Anaonetsa kuti nkhani yagona pa mnzake wa amphotericin. Pomwe anamuphatikiza ndi flucytosine, anamwalira odwala 31 pa 100 alionse; pomwe anamuphatikiza ndi fluconazole, 45. Sabata imodzi ya diripi ndi flucytosine inaposa masabata awiri. Ngakhale mapiritsi okhaokha, fluconazole ndi flucytosine pamodzi, anachita bwino kuposa momwe fluconazole ankachitira yekha. Chomvetsa chisoni n'choti flucytosine, mankhwala akalekale, nthawi imeneyo sankapezeka m'zipatala zambiri za mu Africa.

Diripi imodzi basi

Kenako kunabwera AMBITION, kafukufuku wa odwala oposa 800 ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Kwathu kuno anachitikira ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central. Anayesa amphotericin wokutidwa m'timafuta, wotchedwa liposomal, yemwe savulaza impso kwambiri. Wodwala amalandira diripi imodzi yokha yaikulu tsiku loyamba, kenako masiku 14 akumwa flucytosine ndi fluconazole. Pofika masabata 10 anamwalira 24.8 peresenti, pomwe mwa olandira diripi ya sabata yonse anamwalira 28.7 peresenti, ndipo mavuto a magazi ndi impso anachepa. Mu 2022 bungwe la WHO linaika njira imeneyi patsogolo.

Kwa munthu wa ku Makhanga, m'boma la Nsanje, phindu lake ndi looneka. Kudera limeneli, lomwe mitsinje ya Ruo ndi Shire ikasefukira limasanduka chilumba, monga mu 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu 2023, ulendo wa ku chipatala cha Trinity ku Muona kapena ku boma ku Nsanje ndi wodula, nthawi zina wa pabwato. Wodikirira odwala amasiya dimba ndi ana. Njira yochepetsa madiripi ndi zoyezayeza ndiyo ingatheke pa chipatala cha m'boma. Komabe amphotericin wa liposomal uja safuna kutentha kopitirira madigiri 25, ndipo tonse tikudziwa momwe Okutobala amaotchera kuno.

Nanga Candida?

Yisiti winayu, wa zoyerayera za m'kamwa zija, naye amalowa m'magazi, makamaka mwa makanda obadwa masiku asanakwane ndi odwala mwakayakaya. Kwa iye, mwa odwala akuluakulu, mankhwala oyambira ndi a gulu la caspofungin, okwera mtengo. Pa Cryptococcus sagwira ntchito.

Akatuluka m'chipatala

Tikabwerera ku Cryptococcus, mankhwala okha satsitsa madzi odzadza m'mutu. Adokotala akapempha kutapa madzi a mumsana, achibale musakane, chifukwa ndi zomwe zimaziziritsa mutuwo ndi kupulumutsa maso. Ma ARV amayambidwa pakatha masabata 4 mpaka 6 chiyambireni mankhwala a Cryptococcus, osati tsiku lomwelo. Fluconazole amapitirira masabata 8 pa mlingo waukulu, kenako wochepa kwa chaka kapena kuposerapo. Ngati muli ndi HIV ndipo mutu wakana kusiya, pitani pa chipatala chapafupi lero, mukanene za ma ARV anu mosabisa, ndipo mufunse za kuyezedwa CrAg.