Galimoto ya Mkango: Mbiri ya Peugeot ndi Miseu ya ku Mulanje

Omvera amene anali atakula kale m'zaka za m'ma 1970 adzakumbukira kuti pa miseu ya dziko lino panali galimoto ina imene inkapatsidwa ulemu wapadera, yokhala ndi chithunzi cha mkango kumaso kwake. Galimotoyo ndiyo Peugeot, ya ku France. Ku Ulaya dzinali linatchuka ndi mipikisano ya liŵiro, koma kuno ku Africa linatchuka pa chifukwa china, ndicho kufika kumene yapita pamene zinzake zatsala m'matope. Nkhani ya lero ilongosola kumene galimotoyi inachokera, ndi zimene oyendetsa ake ankakumana nazo m'boma la Mulanje, kumene mvula ndi dothi zimayesa galimoto mopanda chisoni.

Banja la Peugeot silinayambe ndi magalimoto ai. M'chaka cha 1810 abale aŵiri, Jean-Pierre ndi Jean-Frédéric Peugeot, anasandutsa chigayo cha makolo awo kum'maŵa kwa France kukhala malo osulirako zitsulo. Ankapanga macheka ndi masipuling'i, ndipo pambuyo pake timakina topera khofi. Mkango unalembetsedwa ku boma monga chizindikiro chawo mu 1858, ndipo unkanena za machekawo: mano olimba ngati a mkango, chitsulo chopindika osathyoka ngati msana wake, ndi kudula kofulumira ngati kulumpha kwake. Mwa zitatuzi, chachiŵiricho ndicho chimene chinadzapindulitsa anthu a kuno.

Amene analoŵetsa banjali m'nkhani za maulendo ndi Armand Peugeot. Iye anayamba ndi njinga mu 1882, kenaka mu 1889 anaonetsa galimoto ya mawilo atatu yoyendera nthunzi, ndipo mu 1890 anatulutsa ina yoyendera petulo, yokhala ndi injini ya mtundu wa Daimler. Mu 1894 kunachitika mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Rouen, mtunda wa makilomita 126, ndipo Peugeot inagaŵana mphoto yoyamba ndi kampani ya Panhard et Levassor. Liŵiro la tsikulo linali pafupifupi makilomita 19 pa ola, limene mnyamata wa kabaza amalifikira pakati pa Chitakale ndi pa boma popanda kutuluka thukuta lambiri. Koma zinthu zinathamanga. Mu 1912 Georges Boillot anapambana Grand Prix ya ku France, ndipo mu 1913 Jules Goux anakapambana mpikisano wa mamailosi 500 ku Indianapolis, m'dziko la America. Peugeot inapambananso komweko mu 1916 ndi mu 1919.

Chizoloŵezi chotchula magalimotoŵa ndi manambala atatu okhala ndi 0 pakati chinayamba ndi Peugeot 201 mu 1929. Kampaniyi inkachitira nsanje manambala akewo, kotero kuti pamene a Porsche a ku Germany anatcha galimoto yawo yatsopano 901, a Peugeot anadandaula, ndipo mu 1964 galimotoyo inasinthidwa dzina kukhala 911, dzina limene okonda liŵiro pa dziko lonse amalidziŵa mpaka lero.

Koma nambala imene Amalaŵi anaidziŵa bwino ndi 404. Galimotoyi inatuluka mu 1960. Thupi lake analijambula ndi a Pininfarina a ku Italy, ndipo injini yake inali ya masilinda anayi, ya ukulu wa 1,618 cc, yoikidwa mopendekeka kuti kutsogolo kwa galimoto kukhale kotsika. Poiyang'ana, siinali galimoto yoopsa. Liŵiro lake lomalizira linali cha m'ma 140 makilomita pa ola, ndipo panali magalimoto ambiri oiposa pamenepo. Chinsinsi chake chinali kunsi. Masipuling'i ake anali aatali ndi ofeŵa, opatsa tayala mpata waukulu wokwera ndi kutsika. Mashoko ake kampaniyo inkapanga yokha. Ndipo chitsulo chotengera mphamvu ya injini ku mawilo a m'mbuyo chinali chobisika m'kati mwa chipaipi cholimba, kumene miyala ndi matope sizifika. Kupatula ku France, 404 inkamangidwanso m'maiko ena, monga South Africa, Rhodesia, Nigeria ndi Kenya, ndipo ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991.

Umboni wa kulimba kwake unaperekedwa pa mpikisano wa East African Safari, umene unayamba mu 1953 pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II. Mpikisanowu unkadutsa m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000, pa miseu wamba ya anthu onse, ndiponso pa nyengo ya Pasaka, pamene mvula ya kumeneko imakhala itakwiya. Mu 1963 ananyamuka magalimoto 84, koma amene anafika kumapeto anali 7 okha. Patsogolo pa onsewo panali Peugeot 404 ya Nick Nowicki ndi Paddy Cliff. Mu 1966 ndi mu 1967 anapambana Bert Shankland ndi Chris Rothwell a ku Tanzania, nawonso pa 404, ndipo mu 1968 Nowicki ndi Cliff anabwerezanso, m'chaka china chimene magalimoto 7 okha ndiwo anamaliza ulendo. Omvera aone bwino pamenepa. Zaka zimene 404 inkaŵala koposa zinali zaka za mvula yoopsa, pamene magalimoto aliŵiro ankathyoka kapena kutitimira. Munthu wofuna kugula galimoto ku Limbe analibe chifukwa chofunsira zambiri, pakuti mseu umene unagonjetsa magalimoto 77 ku Kenya ndi ku Tanganyika sunali wosiyana kwenikweni ndi mseu wopita kwawo.

Ndipo ku Mulanje mau ameneŵa anali oona koposa. M'madera ena a kumwera kwa phiri mvula imaposa mamilimita 2,000 pa chaka, nchifukwa chake tiyi amakondwa ku Lujeri, ku Ruo ndi ku Lauderdale. Ngakhale m'miyezi ya June ndi July, pamene maboma ena ali pa fumbi, kuno kumabwera chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu yochokera ku Mozambique, imene imanyowetsa dothi lofiira pamwamba pokha nilisandutsa loterera ngati therere. Kupatula mseu waukulu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza, miseu yambiri ya m'bomali m'zaka zimenezo inali ya dothi, kuphatikizapo uja wozungulira phiri kuchokera pa Chitakale kudzera ku Likhubula kunka ku Phalombe, dera limene linali mbali ya Mulanje kufikira 1998. Kuchigwa cha Phalombe kuli dothi lakuda la makande, limene likanyowa limakakamira ku matayala mpaka mawilo kuleka kuzungulira.

Pa miseu yotereyi woyendetsa 404 ankaphunzira zinthu zimene sizilembedwa m'buku la malamulo a pa mseu. Choyamba chinali cha mseu wa m'chilimwe, uja wokhala ndi timizere ngati malata a padenga. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono pamenepo imanjenjemera mpaka mano kugundana. Koma woyendetsa akalimba mtima nafika pa liŵiro la makilomita 60 kapena 70 pa ola, matayala amayamba kuponda pamwamba pa timizereto osagwera m'kati, ndipo phokoso lonse limatha. Magalimoto ambiri amachita chimodzimodzi, koma 404 inkachita zimenezi osataya njira, pakuti masipuling'i ake ankasunga matayala pansi. Apa ndipo pamene mbiri ija inachokera, yakuti munthu atha kugona tulo m'Peugeot pa mseu umene lole ikutaya mabauti. Choopsa chake nchakuti pa liŵiro limenelo galimoto siima msanga, ndipo mbuzi kapena wapanjinga wosenza mtolo wa nkhuni sadikira.

Chachiŵiri chinali cha matope. Mphamvu ya 404 imapita ku mawilo a m'mbuyo, ndipo kumbuyoko kukakhala kopanda katundu kumavina pa mseu woterera. Eni ake ankadziŵa kuti thumba la chimanga kapena la mchenga m'buti lili ndi phindu loposa tayala latsopano, ndi kuti pa chitunda chonyowa munthu amaloŵa ndi giya yachiŵiri, phazi lili phee, osasintha giya pakati pa chitunda. Ndodo ya giya inali pa chiongolero, osati pansi, kotero kuti dzanja silinkapita kutali, ndipo mpando wakutsogolo unkatsala ndi malo a munthu wina. Poti aoloke mtsinje wosefukira, wanzeru ankayamba watsika naona kuya kwake ndi ndodo, chifukwa madzi akafika ku mawaya a mapulagi injini imazima pakati pa mtsinje, ndipo mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje, monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo, imadzaza m'kanthaŵi kochepa ngakhale kunsi kuno kusanagwe dontho.

Sikuti galimotoyi inalibe zilema. Ma 404 oyambirira anali ndi mabuleki a mtundu wakale, otsekeredwa m'kati mwa mbale yachitsulo, amene akatentha amaleka kugwira bwino. Wotsika mapiri a Thyolo atadzaza katundu ankayenera kudalira giya, osati phazi lokha. Dzimbiri nalo linkaikonda, makamaka m'dera lachinyontho ngati lino. Koma zilema zake zinali zooneka ndi maso, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, wokhala ndi masipanala ochepa ndi khutu lakuthwa, ankatha kuikonza.

Mtundu umene unatumikira anthu wamba koposa ndi uja wa bokosi kumbuyo, ndiponso uja wautali wa mizere itatu ya mipando. Ameneŵa ndiwo ankagwira ntchito ya matola, kunyamula anthu, nanazi, nthochi ndi nkhuku pa ulendo umodzi. Amene anajambula galimotoyi ku Ulaya sanalote kuti idzasenza zotere, ndipo kunena zoona, ngozi zambiri za matola zinkachokera pa kudzaza kopyola muyeso kumeneku, osati pa chilema cha galimoto.

Mu 1968 kunabwera 504, yokulirapo ndi yofeŵa koposa, imene inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 1969 ku Ulaya. Nayo inakadzionetsa ku Safari: Ove Andersson anapambana nayo mu 1975, ndipo Jean-Pierre Nicolas mu 1978. Inkamangidwa ku Kenya ndi ku Kaduna m'dziko la Nigeria mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2000. Pamwamba pa 504 panali 604, galimoto ya akuluakulu, ndipo nambala imeneyi ili ndi malo achisoni m'mbiri ya dziko lino. Mu May 1983 mitembo ya nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, inapezeka ndi Peugeot 604 ku Thambani m'boma la Mwanza. Anthu anauzidwa kuti inali ngozi ya pa mseu, koma bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa, galimotoyo nkungoikankhira kuphedi.

Ku mipikisano mkango unapitirira kubangula. Peugeot 205 Turbo 16 inatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1985 ndi Timo Salonen, ndi mu 1986 ndi Juha Kankkunen. Kuyambira 1987 mpaka 1990 Peugeot inapambana zaka zinayi zotsatizana pa ulendo wa m'chipululu wa Paris-Dakar, katatu woyendetsa ali Ari Vatanen, ndipo pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans inapambana mu 1992, 1993 ndi 2009. Komatu magalimoto ameneŵa anali opangidwira mpikisano wokha, osiyana kutali ndi 404 ya Nowicki, imene inali mbale weniweni wa galimoto yogulitsidwa m'sitolo.

Pa miseu ya kuno zinthu zinali zitayamba kale kutembenuka, ndipo chizindikiro chinaonekera ku Safari komweko, kumene Datsun ya ku Japan inapambana mu 1970, 1971 ndi 1973, kenaka zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1979 ndi Shekhar Mehta. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo, zitsulo za magalimoto zomwe. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anayamba kuloŵa mwaunyinji magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, otsika mtengo, okhala ndi chiongolero kudzanja lamanja monga momwe miseu ya Malaŵi imafunira. Kampani ya Peugeot ilipobe, ndipo kuyambira 2021 ili m'gulu lalikulu la Stellantis, pamodzi ndi Fiat, Citroën ndi Jeep. Koma pa Chitakale, pa Nkando ndi pa Limbuli, ntchito imene inkagwiridwa ndi 404 ili m'manja mwa minibasi za Toyota, timagalimoto ta Sienta ndi njinga zamoto, ndipo mseu wa ku Phalombe, umene unkaphunzitsa anthu kuyendetsa m'matope, tsopano uli ndi tala.