Foni ikakuwa yokha m'thumba

Usiku munthu akakuwa kuti "Wakuba!", palibe amene amayamba wafunsa ngati n'zoona. Anthu amangodzambatuka, zibonga m'manja. Koma tiyerekeze kuti atafika apeza nyumbayo ili chitsekere, m'kati muli zii. Sangabwerere kukagona, chifukwa mwina mwininyumba wagwidwa pakhosi. Ayenera kugogoda mpaka amve mawu ake.

Umu ndi momwe zimakhalira kwa olandira mafoni angozi foni ikaimba yokha. Kuyambira pa Android 12, yomwe inatuluka mu 2021, mafoni ambiri ali ndi Emergency SOS: mukadina batani lozimitsira kasanu motsatizana, foni ikhoza kuwerenga masekondi ochepa n'kuimba yokha nambala yangozi. Opanga mafoni anachita bwino kuikamo zimenezi, pakuti munthu amene waopsezedwa ndi mpeni alibe mpata wotsegula foni. Vuto n'lakuti batani silidziwa chala. Makiyi m'chikwama, thumba lothina la jinzi, chopanira foni m'galimoto, ngakhale mwana amene mwamupatsa kuti atonthole, zonsezi zimadina.

Mu June 2023 apolisi a ku Britain anadandaula kuti mafoni opita ku nambala yangozi ya 999 achuluka kuposa kale lonse, ndipo analoza chala batani limeneli. A ku Devon ndi Cornwall okha analandira mafoni 169 opanda wolankhula Lamlungu limodzi, kuyambira pakati pa usiku mpaka 7 koloko madzulo, ndipo anati kutsatira foni imodzi yotere kumadya mphindi 20. Nthawi yonseyo wina amene nyumba yake ikupsadi akudikira. Nayo iPhone 14 ya mu 2022 inkaimbira 911 ku America eni ake akutsetsereka pa chipale chofewa, poganiza kuti achita ngozi ya galimoto.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri akaona kuti foni yaimba, amadula msanga ndi manyazi. Kumeneko ndiye kutseka chitseko anthu ali pakhonde. Musadule. Dikirani ayankhe, munene kuti, "Pepani, yaimba yokha, kuno kuli bwino." Nkhani yathera pomwepo. Akakuimbiraninso, yankhani.

Kupewa kwake n'kosavuta. Pa Android lowani mu Settings, mupeze Safety and emergency, kenako Emergency SOS. Pa iPhone ili mu Settings momwemo. Mukhoza kuzimitsa zodina kasanuzo, koma ine sindingafulumire kutero, makamaka kwa amene amaweruka usiku n'kuyenda yekha. Ndi bwino kusiya kulira kochenjeza kuli koyatsa kuti mumve foni isanaimbe, kugula kava yokhala ndi m'mphepete molimba, ndiponso kuika foni m'thumba lakelake, kutali ndi makiyi. Mukazimitsabe, nambala yangozi imaimbika pamanja ngakhale foni ili yokiya, ndipo 112 imagwira m'maiko ambiri.