Ndalama zosonkhera sukulu ya boma: zimadutsa pati, zimakodwa pati?

Teremu ikangoyamba, cha m'ma 8 koloko m'mawa, mumakumana ndi ana a yunifolomu akubwerera kwawo, ena akungozungulira pa depoti ya ku Old Town mu Lilongwe kudikira kuti nthawi yowerukira ikwane. Mukawafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Atibweza, sitinapereke ya chitukuko." Bambo wa mwanayo mwina ndi mlonda ku Area 10, mayi ake amachapa ku Area 43, ndipo onse anamva kuti akufuna kwabwino anachita bigi woku yosonkhera sukulu yomweyo. Nanga ndalama zija zinathera kuti?

Za lamulo n'zachidule. Pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linawonjezera kuti mwana aliyense ayenera kukhala pa sukulu. Unduna wa zamaphunziro ku Capital Hill wanena kangapo konse kuti mwana asabwezedwe chifukwa cha ndalama. Chomwe makolo agwirizana kusonkha ndi chopereka, si fizi ayi.

Komabe tisathamangire kuti ahedi ndi akuba. Boma limatumiza ku sukulu iliyonse ndalama yotukulira maphunziro yotchedwa SIG, koma ndi yochepa, ndipo kawirikawiri imafika mochedwa. Sukulu ya m'tauni ilibe chitsime chaulere: madzi imagula ku Lilongwe Water Board, magetsi ku ESCOM, kenako pali alonda ndi okolopa zimbudzi. Amene akukumbukira Januwale wa 2023, pamene kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi mu Blantyre, akudziwa kuti mpopi wouma pa sukulu ya ana mazanamazana si nkhani yoseka. Ndalama yapadera imafunikadi.

Ndiye pali chodabwitsa cha mzinda uno. Sukulu ya boma imakhala pakati pa mipanda italiitali ya ku Area 12 kapena Area 47, koma ana a m'mipandamo amatengedwa pa galimoto kupita ku sukulu zolipira, ena mpaka ku Bishop Mackenzie ku Area 3. Odzaza makalasi a boma ndi ana a antchito awo ndi ena oyenda wapansi kuchokera ku Kauma kapena ku Mtandire. Okhala ndi ndalama alibe mwana pa sukulupo, okhala ndi mwana pa sukulupo alibe ndalama. N'chifukwa chake magulu a ophunzira akale, mipingo ndi anthu a m'dera akamadzipereka kusonkha, ndi chinthu chabwino. Chovuta n'chakuti wopereka sabwera ku msonkhano wa makolo, ndipo wobwera ku msonkhano amaopa kufunsa za ndalama yomwe sanapereke ndi iye.

Njira yoyenera yosonkhera imayambira pa sukulu pomwepo. Pali komiti yoyendetsa sukulu, ija ya SMC, pali komiti ya makolo ndi aphunzitsi, PTA, komanso gulu la amayi loyang'anira atsikana ndi ana osowa. Chaka ndi chaka magulu amenewa amayenera kukhala pansi ndi ahedi n'kulemba dongosolo la zofunika kukonza. Musanasindikize matisheti a bigi woku, pemphani muone pepala limenelo. Mwina inu mukufuna kupenta makoma kuti chithunzi chidzakongole pa Facebook pomwe sukulu ikulira zimbudzi za atsikana. Mukagwirizana, lembani kalata kudzera kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni, amene aphunzitsi amati a PEA, ipite ku ofesi ya zamaphunziro ya Lilongwe Urban. Kalata ya ku khonsolo ndi ku polisi yodziwitsa za ulendo wa mumsewu nayonso musaiwale.

Pomwe zinthu zimaima ndi pa akaunti. Gulu lanu likapita ku banki, amafuna malamulo a gulu, maminitsi a msonkhano womwe munasankha osainira, zitupa za unzika za osainirawo, ndipo nthawi zambiri satifiketi yosonyeza kuti gululo ndi lolembetsedwa. Kulembetsa ngati matrasti kumadutsa kwa Registrar General, ndipo mapepala ake sayenda okha. Lero akuti chidindo cha loya chasowa, mawa fayilo ili kwa abwana, mkuja abwanawo ali ku wekishopu ku Salima. Mukadzitcha bungwe loti si la boma, palinso NGORA, yoyang'anira mabungwe otere, ndi zolipira zake. Nthawi yonseyi ndalama zili mu Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma, munthu wabwinobwino amene naye amadwalitsa, naye amagweredwa maliro, ndipo "wangobwerekako" pang'ono. Ngakhale atapanda kugwirapo, ndalama yogona imafwifwa yokha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali atasonkha ya mdadada wa makalasi awiri n'kumadikira satifiketi anadzuka ali ndi ya fondeshoni ndi theka la khoma.

Kunena zoona, gulu lofuna kugula madesiki kamodzi kokha silifunika kulowa mu zonsezi. Ikani ndalama mu akaunti ya sukulu, mutenge silipi ya ku banki ndi lisiti la chidindo cha sukulu, kapena gulani katundu nokha mukamupereke pamaso pa komiti, alembedwe m'buku la katundu. Koma funsani kaye ngati osainira akaunti ya sukuluyo alipo onse. Zimachitika kuti komiti inasintha, wosainira wakale anasamukira ku Mzuzu, ndipo kusintha siginecha kukudikira kalata ina yochokera ku ofesi.

Ngati mukumanga, pali phiri lina. Nyumba ya sukulu mu mzinda imafuna pulani yovomerezeka ndi khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, ndipo wa zomangamanga amayenera kubwera kudzaona ntchito. Apa m'pomwe mumamva kuti galimoto ilibe mafuta. Palibe amene amakuuzani kuti mulipire, amangoti "tikanabwera." Wonjezerani pamenepo alawansi ya msonkhano, zoziziritsa kukhosi tsiku lopereka, tenti ndi zimkuzamawu, muona kuti madesiki angapo athera pa mwambo wowapereka. Zimenezi zilembeni mu bajeti poyera kuti osonkha adziwiretu, apo ayi zikaneni. Pa kugula, funani makotesheni atatu, ndipo wa komiti amene mlamu wake ali ndi hadiweya atuluke panja pomwe anzake akusankha.

Ntchito ikatha, lipoti limatidwe pa bolodi ya sukulu: zinalowa zingati, zinatuluka zingati, watsimikiza ndani. Kholo lili ndi ufulu wofunsa zimenezi, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, lili kumbali yake. Osonkha nawo aike mfundo imodzi m'kalata yoperekera thandizo: sukulu yolandira isabweze mwana aliyense chifukwa cha ndalama.

Mwana wanu akabwezedwa, musamusunge kunyumba kudikira malipiro a pakutha pa mwezi. Mutengeni mupite naye kwa ahedi tsiku lomwelo. Zikakanika pamenepo pitani kwa a PEA ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, kenako ku ofesi ya Lilongwe Urban, dandaulo lanu likhale lolemba ndipo kope imodzi musunge. Ofesi ya Ombudsman ili ku City Centre, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere.