Munda umene Yeremiya anagula ali m'ndende

Munthu wanzeru sagula malo nkhondo ili pakhomo. Mneneri Yeremiya anagula. Munali cha m'ma 587 Yesu asanabadwe, asilikali a Nebukadinezara wa ku Babulo atazinga Yerusalemu. Yeremiyayo anali atatsekeredwa m'bwalo la alonda kunyumba ya mfumu Zedekiya, mlandu wake wolalikira kuti mzindawo ugwa.

Komweko anamupeza Hanameli, mwana wa mbale wa bambo ake, akugulitsa munda wa kwawo ku Anatoti. Lamulo la Mose linkafuna kuti malo asachoke pamtundu, tsono wachibale ndiye anali woyamba kufunsidwa. Koma Anatoti anali kunja kwa linga, makilomita pafupifupi 5 kuchokera mumzinda, kumene kunkapondaponda adani. Anthu a m'mudzimo ndi omwe anapanganapo zomupha Yeremiya. Mkazi analibe, mwana womusiyira mundawo analibenso. Ndikanakhala ine, ndikanamuuza Hanameli kuti tikambirane nkhondo ikatha.

Yeremiya anayeza pasikelo masekeli 17 a siliva, mboni zikuona. Analemba makalata awiri, ina yomata ina yotsekula, n'kuwapereka kwa mlembi wake Baruki kuti awasunge mumtsuko wadothi, akhalitse. Anachita izi pomvera Mulungu, amene ananena kuti m'dzikomo anthu adzagulanso nyumba ndi minda. Chimandisangalatsa n'chakuti atalipira kale, Yeremiya anapemphera modabwa, ngati akufunsa kuti kodi zimenezi zikugwirizana bwanji ndi mzinda woti ukugwa.

Yankho lagona pa pangano. Masiku amenewo, anthu pochita pangano lalikulu ankadula nyama pakati n'kudutsa pakati pa zidutswazo, kutanthauza kuti wophwanya mawu zimuchitikire zomwezo. Akuluakulu a Yerusalemu anachita mwambowu nthawi ya nkhondo yomweyi. Anadula mwana wa ng'ombe, n'kulonjeza kumasula akapolo awo a Chihebri. Ababulo atangochokako pang'ono, iwo anawagwiranso akapolo aja. Mawu a munthu ndi amenewo.

Tsono bwererani pa Genesis 15. Abramu anakonza nyama mofananamo, koma tulo tatikulu tinamugwira. Chimene chinadutsa pakati pa zidutswazo ndi ng'anjo yofuka utsi ndi muuni wamoto. Mulungu anadutsa yekha, analumbira yekha. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake pangano lija silinafe pamene Aisraele anapembedza fano la mwana wa ng'ombe pa Sinai, Mose n'kuswa magome. Mulungu anamuuza kuti aseme ena.

Pano mpamene ndimasiyana ndi alaliki amene amanena za chifundo cha Mulungu ngati chimafufuta zotsatira za tchimo. Sichinafufute. Mu 586 kachisi wa Solomoni anatenthedwa, linga linagwetsedwa. Zedekiya anaona ana ake akuphedwa ku Ribila, kenako anamukolowola maso n'kupita naye ku Babulo atamumanga maunyolo. Yeremiya naye sanatsale pabwino. Anthu ake omwe anamutengera ku Igupto mokakamiza, ndipo Baibulo silinena kuti analimapo m'munda uja ngakhale mzere umodzi. Chifundo chinali chakuti chilangocho chinali ndi malire, zaka 70 monga ananenera Yeremiya yemweyo, ndipo mtunduwo sunatheretu. Mafuko khumi a kumpoto amene Asuri anawatenga mu 722 sanabwerere monga ufumu. Ayuda anabwerera.

Mu 539 Koresi wa ku Perisiya analanda Babulo, ndipo posakhalitsa analola Ayuda kupita kwawo kukamanganso kachisi. Buku la Ezara lili ndi mndandanda wa obwererawo, banja ndi banja, mudzi ndi mudzi, onse pamodzi 42,360. Ambirife chaputala chimenechi timachidumpha chifukwa cha mayina ovuta kutchula. Mukachiwerenge modekha, Ezara 2. Pa ndime 23 mukapeza amuna a ku Anatoti, okwana 128.