Chotsani Thonjelo M'khutu

Ku Chitala ndi m'midzi ina ya kwa Khombedza thonje silisowa, n'chifukwa chake sindidabwa kuti ambiri odandaula za makutu amafika kwa ine atalitsekera kale m'khutu. Ena amakhala nalo miyezi. Amati mbale zachitsulo zikagundana potsuka, mwana akalira kapena wakabaza akadutsa ndi njinga yamoto, m'khutu mumabaya. Kunyumba amauzidwa kuti akudzikonda, ndipo sipalephera wachibale wonena kuti alodzedwa.

Ntchito yanga ndi yoyeza makutu, ndipo ndimayamba ndi zooneka ndi maso. Ndimaunika ngati muli mafinya, phula louma, kapena kutupa kwa njira yolowera m'khutu, komwe kumagwira kwambiri osambira kunyanja ndi okanda m'khutu ndi nthenga ya nkhuku kapena mtengo wa machesi. Ndimaonanso mano, nsagwada ndi pakhosi, poti mitsempha yake njolumikizana ndi ya khutu. Dzino lobooka limatha kupweteketsa khutu lopanda vuto lililonse. Zonsezi mankhwala ake alipo.

Nkhani imakula pamene m'khutu muli bwinobwino koma munthu akumvabe kuwawa kukachitika kaphokoso. Kuchipatala timati hyperacusis. Kukula kwa phokoso timakuyeza m'madesibelo. Anthu akamacheza amakhala pafupifupi pa 60, ndipo ambiri amayamba kusautsidwa cha pa 100. Wodwala uyu kawirikawiri amagwira khutu tisanafike n'komwe pa 80. Sakunamizira.

Gwero lake nthawi zambiri ndi phokoso lalikulu, monga kugwira ntchito m'chigayo zaka zambiri kapena kuchezera pafupi ndi zokuzira mawu paukwati. Kwa ena zimayamba atamenyetsa mutu pangozi, kwa ena zimabwera ndi mutu waching'alang'ala. Palinso amene nkhope yawo yapotoka mbali imodzi: mtsempha woyendetsa nkhope ndi womwewo umene umalamula kamnofu kochepetsa phokoso mkati mwa khutu.

Khutu limangotola mawu, koma wosankha kuti amveke mokweza bwanji ndi ubongo. Wailesi ikamagwira movutikira mumaikweza, kenako ikagwira bwino mwadzidzidzi imakugonthetsani. Ubongo nawo ukaona kuti mawu akufika ochepa umakweza, osatsitsanso msanga. Apa m'pamene thonje limaonongera zinthu. Mukatseka khutu usana ndi usiku, ubongo umalandira mawu ochepa kuposa kale, ndiye umakweza koposa. Tsiku lolichotsa, ngakhale tambala amakhala mdani. Chondimvetsa chisoni n'chakuti thonje lomwelo silitchinjiriza mokwanira kuchigayo, kumene chitetezo chikufunikadi. Phokoso la madesibelo 85 khutu limalipirira maola 8, koma la 100 mphindi 15 zokha. Kumeneko pafunika zotsekera makutu zenizeni, ndipo eni zigayo akanamagulira antchito awo.

Kuchira kwake n'kuzoloweretsanso ubongo pang'onopang'ono. Yambani kuchotsa thonje pamene pakhomo pali bata, muike wailesi motsitsa kwambiri, mukhale panja pomveka mphepo ndi nkhuku, n'kumaonjezera nthawi sabata ndi sabata. Zimatenga miyezi, ndipo pamakhala masiku obwerera m'mbuyo. Mantha ndi kusowa tulo zimakulitsa ululu, choncho apabanja amene amagwetsa poto mwadala pofuna kumuyesa munthuyo akungotalikitsa matenda. Musadonthezeremo mafuta ophikira kapena madzi a masamba, makamaka ngati khutu linatulukapo mafinya, chifukwa mwina mkati munabooka.

Makina oyezera makutu sapezeka paliponse. Yambirani pachipatala chapafupi kapena chachikulu cha boma ku Salima, kumene angakutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mumzinda womwewo muli ABC Hearing Clinic, ndipo ku Blantyre amayeza ku Queen Elizabeth. Koma kuseri kwa khutu kukatupa, mafinya akabwera ndi kutentha thupi, nkhope ikapotoka, kapena khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, nyamukani tsiku lomwelo.