Mpopi wa Mowa Ukamalavula Thovu

M'mizinda yambiri ya ku America muli malo kumene munthu amapita ndi botolo lake lalikulu, lotchedwa growler, lolowa pafupifupi malita 2, kuti akamuthirire mowa wa mumgolo kudzera pampopi. Kwa woonerera ntchitoyi ndi yapafupi. Koma likafika tsiku loti mpopi ukungolavula thovu, wogulitsa amataya mowa wochuluka asanadzaze botolo limodzi, ndipo phindu la mgolo wonse limathera m'ngalande.

Wogulitsa wachilendo pantchito akaona thovu amathamangira kuchepetsa mphamvu ya mpweya umene umakankha mowa kuchoka mumgolo. Kawirikawiri potero amangokulitsa vuto.

Chifukwa chake nachi. Mowa uli ndi mpweya wa carbon dioxide wosungunuka m'kati mwake. M'chaka cha 1803 William Henry, katswiri wa sayansi wa ku Manchester, anaonetsa kuti mpweya umasungunuka kwambiri m'madzi ngati ukukankha mwamphamvu pamwamba pa madziwo. Ndiponso madzi ozizira amasunga mpweya wambiri kuposa ofunda; mwana aliyense amene anatsegulapo botolo la Fanta lokhalitsa padzuwa anadzionera yekha. N'chifukwa chake mowa wambiri wa mumgolo umasungidwa pa madigiri 3 kapena 4, mphamvu ya mpweya ili pafupifupi mapaundi 12 pa sikweya inchi. Mowa ukafunda pang'ono, mpweya umatuluka mowawo ukadali m'paipi. Tsono wina akachepetsanso mphamvu yokankha, ndiye kuti wautsegulira khomo mpweya wotsalawo.

Motero wodziwa ntchito sayamba wakhudza botolo la mpweya. Amathira mowa m'tambula, n'kuyeza kuzizira kwa mowa weniweniwo, pakuti firiji imatha kuzizira bwino pamene mgolo umene wangotsitsidwa pagalimoto ukadali wofunda. Mgolo wotere umafuna tsiku lathunthu kuti uzizire mpaka pakati, ndipo pamenepa m'pamene ogulitsa ambiri amalephera kudikira, makamaka ogula akafola pakhomo. Ngati thovu likubwera m'tambula yoyamba yokha, yachiwiri n'kutuluka bwino, ndiye kuti mgolo ulibe mlandu. Gawo la paipi loyandikira mpopi ndi limene likufunda.

Kuzizira kukakhala kolondola, m'pamene amayang'ana zina. Mowa wotuluka mwaliwiro lopitirira umasonyeza kuti mphamvu yachulukadi, kapena kuti paipi ndi yaifupi. Paipi yakuda imabweretsanso thovu ndi kuwawasa, nchifukwa chake akatswiri amalangiza kuitsuka pakatha milungu iwiri iliyonse.

Botolo la wogula nalo lili ndi mbali yake. Likafika lofunda ndi louma, mowa umabwadamuka ukangoligunda. Wogulitsa wosamala amayamba walitsukuluza ndi madzi ozizira, kenaka amalumikiza kapaipi kofewa kumpopi kofika pansi pa botolo, kuti mowa uzikwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Amatseka chivindikiro thovu lochepa likadali pakamwa pa botolo, chifukwa thovulo limakhala litathamangitsa mpweya wakunja umene ukadasukulutsa mowawo.